Tsiku Limene Ndinapereka a Makwinja

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene a Makwinja anafika kwathu ku Kaporo. Madzi osefukira anali atangophwa kumene, msewu wonse uli matope okhaokha, ndipo lole imene inawanyamula inatitimira kutali ndi sukulu. Tinawaona akubwera wapansi, nsapato zili m'manja, buluku atapinda mpaka m'maondo, sutikesi ili pamutu. Ife ana tinaseka. Iwo anaima, natiyang'ana, kenako anayamba kuyenda monga ankayendera a hedimasitala athu, mimba patsogolo, manja kumbuyo, chikhalirecho iwo anali atangowaona a hedimasitalawo patali nthawi yomweyo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma mlonda wa pasukulu sanaseke. Anang'ung'udza m'Chinkhonde kuti munthu wa maso akuthwa chonchi ngofunika kumuopa.

Mawa lake pa asembule a hedimasitala anatiuza kuti mlendoyo sanabwere kudzaphunzitsa masamu kapena Chingerezi. Ntchito yawo inali zisudzo basi. Kwawo kunali ku Mulanje. Anali atachitapo masewero m'maholo a ku Blantyre ndi pa wailesi, kenako anakaiphunzira ntchitoyo kusukulu yaikulu, ndipo tsopano boma linkawatumiza m'masukulu, teremu ino kuno, teremu yamawa kwina, kukakonza sewero ndi ana. Lathu linali lolangiza anthu kusamukira kumtunda madzi akayamba kukwera, ndi kuwiritsa madzi akumwa. A Makwinja anakweza m'mwamba mapepala a sewerolo kuti tione chidindo cha ofesi yovomereza masewero, tsamba lililonse chidindo chake.

"Liwu limene mulibe umu," anatero, "sitilinena pabwalo."

Anthu a kwathu sanakhutire nazo. Inu obadwa dzana simungamvetse, koma masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo khadi lake unkayenda nalo ngakhale popita kukagula mchere. Munthu ankatha kuyankhula mosaganiza pa mowa Loweruka, Lolemba n'kubwera galimoto, basi osamuonanso. Tsono tangoganizani, munthu wochokera kumwera kwenikweni, kusiya mkazi ndi ana, kubwera mpaka kumalire a dziko, eti kudzaphunzitsa ana kunamizira kulira! Boma n'kumamulipira mwezi ndi mwezi! Akanakhulupirira ndani? Kuwonjezera apo, a Makwinja ankayenda ndi kabuku kakuda m'thumba la malaya. Tsiku la msika ankakhala pa chidebe pafupi ndi amayi ogulitsa usipa, maso ali dwii pa anthu, kenako n'kutulutsa kabukuko n'kumalemba. Akayandikira pamene anthu akucheza, nkhani zonse zinkasanduka za mvula.

Amayi anandiitanira m'khitchini. "Tumpale, aphunzitsi akowo ndi khutu la boma. Uziyankha za sukulu zokha. Za m'nyumba muno, pakamwa pako pakhale potseka." Ndinavomera ndi mutu, koma amayi ankamudziwa mwana wawo. Ine ndinabadwa wolongolola.

Koma mwe, munthu uja ankaidziwa ntchito yake! Tinalipo ana khumi ndi asanu m'gulu lawo, ndipo tinkakumana tikaweruka, m'kalasi lakumapeto lopanda chitseko. Sabata yoyamba mapepala sitinawakhudze n'komwe. Anatigoneka chagada pansi, aliyense njerwa pamimba, kuti tiphunzire kupuma mpaka njerwayo izikwera ndi kutsika. Anatiimika ku golo lina la bwalo la mpira, iwo n'kukaima ku golo linalo, kuti tiwapatse moni popanda kukuwa koma iwo amve. "Mawu sachokera pakhosi," ankatero akudzimenya pamchombo, "amachokera apa." Mwana akati akwiye m'sewero n'kuyamba kutupitsa masaya ndi kuponda pansi mwamphamvu, ankamuimitsa. "Unayamba waona munthu wokwiyadi iwe? Bambo ako akakwiya amachita chiyani ndi manja?" Mwanayo ankaganiza, n'kupeza kuti bambo ake akakwiya amangokhala phee n'kumanola chikwanje.

Aphunzitsi ena ochokera kumwera ankachiseka Chichewa chathu, chifukwa tinkachiphunzirira kusukulu ndipo lilime linkaterera. A Makwinja sanatisekepo. M'malo mwake ankatipempha kuti tiwaphunzitse Chinkhonde, ndipo pothokoza ankati "ndaga" mokhotakhota, ife n'kufa nalo phwete. Nazonso anthu anazipezera tanthauzo. Ankati akuphunzira kuti azimva zimene timakambirana patokha.

Ine ndinali wamatama, sindibisa. Ndinkadziwa kuti ndikuposa anzanga, ndipo mtima wanga wonse unali pa gawo la mayi wokana kusamuka, amene ankayankhula kwambiri m'sewero lonselo. M'gulumo munalinso mnyamata wina dzina lake Gwamaka, mwana wa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Sanali mwana woipa, ayi. Kungoti zonse zimene waona masana ankakazisimba kwawo pa chakudya, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Lolemba lina a Makwinja anatipatsa ntchito yokachita kunyumba. "Sabata ino aliyense asankhe munthu mmodzi. Umuyang'ane bwinobwino, mayendedwe ake, kaimidwe kake, zimene amachita akaganiza kuti palibe akumuona. Lachisanu udzatibweretsere munthuyo pano ndi thupi lako, osayankhula liwu, ife tidzamuzindikire."

Ndinamva nditakula kuti aphunzitsi a zisudzo amaphunzitsa choncho kulikonse. Koma ku Kaporo, zaka zimenezo, kutuma ana kuti akazonde akuluakulu! Makolo atatu atangomva anachotsa ana awo m'gulu tsiku lomwelo. Ine kunyumba sindinanene kanthu, kuopa kuti nanenso angandichotse.

Ndinasankha bambo anga, amene ife timawatcha atata. Anali mlimi wa mpunga, munthu wosayankhulayankhula, wotsimphina mwendo wamanzere chifukwa ngolo inawapondapo ali mnyamata. Kutsimphinako kunali kophweka kwambiri, mwana aliyense akanatha. Ine ndinkafuna chinthu chimene palibe mnzanga angabweretse, ndipo ndinali nacho.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse atata ankapalasa njinga kupita ku Songwe, kumene achibale ankatisungira ng'ombe zathu zinayi, ndipo kawirikawiri ankanditenga pakaliyala. Akamaliza kuona ng'ombe, dzuwa lili paliwombo, ankandisiya pamthunzi n'kutsikira okha kumtsinje, pamalo opanda doko. Ine ndinkawalondola n'kumasuzumira m'mabango. Ankaima chilili, kuyang'ana tsidya la Tanzania. Pakapita kanthawi, kutsidyako kunkatulukira munthu wamtali wonyamula khasu. Atata ankavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa, n'kupukuta nkhope ndi mkono, n'kuchivalanso. Munthu uja nayenso ankachita chimodzimodzi. Osakuwa, osakweza dzanja. Kenako aliyense ankatembenuka n'kumapita.

Sindinkadziwa kuti munthuyo anali mng'ono wawo, a Ambokile, amene anathawa m'dziko ine ndisanabadwe, ndipo boma linkawatcha chigawenga. Sindinkadziwa kuti chipewacho chinkatanthauza kuti mayi awo akadali moyo. Dzina la a Ambokile silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Kupezeka ukupatsana moni ndi munthu wotero kunali kokwanira kukutsekera m'ndende osazengedwa mlandu, munda ndi ng'ombe n'kulandidwa. Ine ndinkangoona kuti chinthucho n'chokongola ndi chomvetsa chisoni, ndipo kuti chidzandipatsa gawo lija.

Lachisanu linafika. Mtsikana wina anabweretsa azakhali ake akupeta mpunga uku akuingitsa nkhuku ndi phazi. Gwamaka anabweretsa mkulu wa mpingo akusinza pa ulaliki n'kumadzidzimuka ponena ameni. Tinaseka. Ine ndinadikira dala kuti ndikhale womaliza.

Ndinayenda motsimphina pang'ono, ndipo anzanga anafuula, "Atata ako!" Sindinawayang'ane. Ndinaima, n'kuponya maso kutali ngati khoma palibe. Ndinadikira monga ankadikirira atata, ndikumeza malovu. Kenako ndinavula chipewa chimene ndinalibe, n'kuchigwira pachifuwa, n'kupukuta nkhope pang'onopang'ono, n'kuchivalanso. Ndinaona mtsikana wina misozi ikulengeza, ndipo ndinadziwa kuti ndapambana.

A Makwinja anali atatsamira khoma. Anafunsa mofatsa funso limene ankafunsa aliyense. "Akuyang'ana chiyani?"

"Munthu wa kutsidya kwa Songwe," ndinayankha monyada. "Nayenso amavula chipewa. Mwezi uliwonse amatero."

"Ndani munthuyo?" anafunsa Gwamaka.

Maso a a Makwinja anapita kwa Gwamaka, n'kubwerera kwa ine. Mwadzidzidzi anamenya desiki ndi chikhatho, phwa! Tonse tinadumpha. Chibwerere chawo tinali tisanawamvepo akukweza mawu.

"Wakuba iwe! Ulibe manyazi? Ndinati ubweretse munthu wamoyo, iwe wabweretsa sewero langa! Si ine ndinakuonetsa zimenezi sabata yatha, za munthu wa chipewa pamtsinje, sewero limene ndikufuna kulemba? Wangowonjezapo kutsimphina kuti ife tiziti ndi bambo ako!"

"Ayi, aphunzitsi! Ine ndinaona ndi maso anga…"

"Khala chete! Ukatulutsanso liwu limodzi ndikuthyolera ndodo. Tuluka, ndipo m'gulu langa usadzapondemonso. Gawo la mayi uja ndipatsa wina."

Ndinatuluka makutu akulira. Ine wakuba? Munthu wamkulu, mphunzitsi, kunama masanasana pamaso pa ana! Ndinathamanga m'mizere ya m'minda ya mpunga, matope akundimata m'miyendo, ndikulira mokuwa ngati wolumidwa ndi njoka. Sikunali kulira kwa mantha. Kunali kulira kwa mkwiyo, ndipo ndinkafuna atata atenge ndodo akawafunse aphunzitsiwo.

Ndinapeza amayi akuanula mpunga pamphasa, atata akukonza goli. Ndinasimba zonse, osasiya kanthu, ndipo kuti amvetse mmene ndinachitira bwino ndinawaonetsanso za chipewazo pabwalo pomwepo. Lichero linagwa m'manja mwa amayi. "Kyala!" anatero, kuitana Mulungu, n'kundigwira pakamwa ndi dzanja la mankhusu. Atata anafunsa funso limodzi lokha.

"Mwana wa a tcheyamani analipo?"

"Analipo."

Anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akusanza. Amayi anandikokera m'nyumba n'kundinong'oneza kuti munthu wa kutsidya uja ndi ndani. Kenako anatenga bulangete ndi jekete la atata, n'kuzimanga m'chitenje, n'kuziika kuseri kwa chitseko. Ndinali nditamvapo kuti akazi amatero akadziwa kuti galimoto ikubwera, chifukwa obwerawo sapatsa munthu nthawi. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Ndinazindikira kuti atata akhoza kupita osabweranso, ndipo kuti wawapereka ndine.

Loweruka m'mawa atata anapita kumunda monga mwa masiku onse. Anabwerako dzuwa lisanafike pamutu, nkhope ili gwa, n'kundiitanira kuseri kwa khola la nkhuku.

"Mvetsera, Tumpale. Aphunzitsi akowo ndi kazitape. Anakutuma dala kuti undizonde."

"Nanga bwanji anati sewerolo ndi lawo?"

"Msampha umenewo. Anakutcha wakuba kuti upse mtima, ulumbire pamaso pa anthu kuti unaonadi ndi maso ako. Ukatero, ine ndapita." Anandigwira phewa mpaka kupweteka. "Iwo ananena okha ndi pakamwa pawo kuti anakuphunzitsa. Asenze okha. Aliyense akakufunsa, unene kuti kumtsinje sunaonepo kanthu, anakuonetsa ndi iwowo. Wamva?"

Ndinamva, ndipo zonse zinagwirizana m'mutu mwanga: kabuku kakuda, Chinkhonde chokhotakhota, ntchito yozonda akuluakulu. Amayi ananena, mlonda ananena, msika wonse unanena, ine ndekha ndiye ndinali chitsiru. Chikondi chonse chimene ndinali nacho pa aphunzitsi aja chinasanduka ndulu. Lamulungu kutchalitchi benchi lathu linali ndi malo ambiri. Anthu amene tinkadya nawo mbale imodzi anatipatsa moni ndi maso okha, chifukwa nkhani inali itafika kale pakhomo lililonse.

Lolemba, belu la buleki lisanalire, galimoto ya boma inaima pafupi ndi mbendera. Anandiitana ku ofesi ya a hedimasitala. M'menemo munali a tcheyamani, amuna awiri achilendo ovala majekete ngakhale kunkatentha, atata ali pabenchi manja pakati pa maondo, ndi a Makwinja ataima pakona. Kabuku kakuda kaja kanali patebulo. Mmodzi wa alendowo, wa mawu ofewa ngati m'busa, anandipatsa switi.

"Usaope, mwana wanga. Za chipewa zija, unaziona kumtsinje kapena wina anakuphunzitsa?"

Ndinapuma kuchokera pamchombo. Ndinawayang'ana a Makwinja m'maso, ndipo chidani chimene chinali pankhope panga sichinali chonamizira.

"Anandiphunzitsa ndi awo."

Ndikanalekera pomwepo! Koma mkwiyo uli ngati mowa, ukayamba sufuna kusiya. Ndinati anandiphunzitsa kuseri kwa kalasi anzanga atapita. Ndinati anandiuza kuti ndisauze munthu. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinati anandifunsapo kuti mtsinje wa Songwe ndi wosaya pati. Zimenezi atata sanandiuze, ndinazipeka ndekha pomwepo, ndipo mlendo wachiwiriyo analemba liwu ndi liwu. Ndinaona a Makwinja akutseka maso kamphindi.

"Mukuti bwanji, aphunzitsi?" anafunsa wa mawu ofewa uja.

"Mwanayo akunena zoona, bwana. Ndi sewero limene ndimaganiza kulemba. Ndinalakwa kuliyesa pa mwana lisanadindidwe."

"Sewero la munthu wopatsana zizindikiro ndi anthu akunja?"

"Ndi sewero chabe, bwana."

Mlendoyo anatsegula kabuku kaja n'kuyamba kuwerenga mokweza. Munalibe zinsinsi, munali mayendedwe a anthu basi: mayi wa usipa amene amawerenga makobidi ndi milomo, mlonda amene amayetsemula katatu. Kenako anafika pa tsamba la a tcheyamani. A Makwinja anali atalemba kuti a tcheyamaniwo amakanda khutu asananene chinthu chimene iwo eni sakuchikhulupirira. Dzanja la a tcheyamani, limene linali pakhutu nthawi yomweyo, linatsika msanga. Palibe anaseka. Kunyoza mtsogoleri wa chipani unali mlandu pawokha, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene anali ndi chidwi ndi atata. Anangowafunsa kuti ku Songwe amakatani.

"Ng'ombe, bwana. Chipewa ndimavula dzuwa likatentha, ngati munthu aliyense."

Powatulutsa a Makwinja, anthu anali atadzaza pabwalo. Ena anawakuwiza. Atata, munthu wofatsa uja, anawatukwana mokweza kuti ndi wosokoneza ana a eni, n'kulavula pansi pamapazi pawo. Nanenso ndinalavula. A Makwinja anakwera kumbuyo kwa galimoto opanda ngakhale sutikesi yawo. Madzulo ake amayi anamasula chitenje chija n'kubwezera bulangete pabedi.

Mungaganize kuti titaona akuwatenga tinasintha maganizo. Ayi ndithu. Pamsika anthu ankati, "Atenga munthu wawo. Msampha wakanika kuno, akukamupatsa ntchito kwina." Ine ndinakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Sewero la madzi osefukira silinachitike. Atata anakatenga ng'ombe zija ku Songwe, ndipo kumtsinje sanapondenso. Ndinamaliza sukulu, ndinaphunzira unamwino, ndinakwatiwa, ndipo ndikakhala ndi anzanga owakhulupirira ndinkasimba monyada mmene ndinagonjetsera kazitape ndili mwana wa Sitandade 7.

Zipani zambiri zitaloledwa, a Ambokile anabwera kwawo, ali nkhalamba ya imvi yoyankhula Chinkhonde chosakaniza ndi Chiswahili. Mayi awo anawapeza atagona kale kumanda. Tinapha ng'ombe, tinaphika mbalagha, nthochi zathu zophika ndi nyama, ndipo mudzi wonse unasonkhana. Ine, pakamwa panga paja, ndinaimirira n'kuyamba kuwasimbira bambo aang'onowo nkhani ya a Makwinja, ndikuwayeseza mmene anamenyera desiki. Anthu anaseka. Atata anaika mbale pansi.

"Tumpale, tiye ukandithandize kukhola."

Kukhola kunalibe ntchito. Anatsamira mtengo, osandiyang'ana, ndipo ananena zimene anazisunga zaka zoposa khumi.

"Loweruka lija ndinawapeza a Makwinja kumunda akundidikira, atabisala m'mpunga ngati mbava. Anati, 'Bambo, ndalakwa ndine. Ntchito imeneyi ndaipereka m'masukulu ambiri, sindinaganize kuti kuno ndi kumalire. Ndanena kale kuti sewerolo ndi langa. Ine akandiimba mlandu wa sewero lopanda chidindo, mwina andichotsa ntchito. Inu akakugwirani, simubwerako.' Ndinati ndikuuze zoona kuti ugwirizane nawo. Anakana. Anati, 'Mwana wanuyo ndamuphunzitsa, ndikumudziwa. Chimene chili mumtima mwake chimaonekera pankhope. Akadziwa kuti ndikumuthandiza, adzandiyang'ana ndi chisoni, ndipo anthu aja ntchito yawo ndi kuwerenga nkhope. Muuzeni kuti ndine kazitape. Andide, adzanena bwino.'"

Ndinakhala pansi pa ndowe pomwepo.

"Nanga kutukwana kuja, atata? Malovu aja?"

"Anandiuzanso iwo. Anati ndikaima chete anthu adzadabwa."

"Anangowachotsa ntchito?"

Atata anapukusa mutu. A hedimasitala anawatsina khutu patapita zaka. Mlandu sunakhale wa chidindo ayi. Unakula chifukwa cha mawu akuti ankafunsa powolokera mtsinje. A Makwinja anakhala m'ndende zaka zinayi, anatuluka chifuwa chitaola, ndipo anamwalira kwawo ku Mulanje asanaimenso pamaso pa ana.

"Mawu amenewo ndi anga," ndinatero. "Inu simunandiuze amenewo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndinalipo."

Ndinawakwiyira atata miyezi ingapo, kuti anandisiya ndikuda munthu wosalakwa zaka zonsezo. Anati poyamba ankaopa pakamwa panga, ndipo pambuyo pake ankaopa kundisenzetsa katunduyo. Lero sindiwaimbanso mlandu. Ndinalemba makalata ku Mulanje kufunafuna mkazi wa a Makwinja ndi ana awo, koma onse anabwerera osatsegulidwa, ndipo mwina zinakhala bwino choncho, pakuti sindidziwa kuti ndikanawauza chiyani.

Chimene ndikumvetsa tsopano, ndili ndi imvi zanga, n'chakuti kukayikirana kuja sitinkakuona ngati matenda. Tinkakuyesa nzeru. Wokayikira kwambiri ndiye tinkamutcha wochenjera, ndipo tinazolowera mpaka munthu akatichitira chabwino tinkafunafuna pamene pali mbedza. A Makwinja ankatiyang'ana chifukwa ntchito yawo inali kuyang'ana anthu, ndipo anatidziwa bwino kuposa mmene tinkadzidziwira tokha. Anadziwa kuti mudzi wathu sungakhulupirire kuti mlendo ndi wabwino, koma ukhulupirira msanga kuti ndi woipa, ndipo anagwiritsa ntchito chimenecho kupulumutsa bambo anga. Chimene sanachiyeze bwino ndi kukula kwa mkwiyo wa mwana amene anamuphunzitsa yekha kuyankhula kuti amveke.

Atata anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi. Anamwalira m'nyumba mwawo, pabedi lawo, ana tonse titawazungulira, mpunga wawo uli m'nkhokwe. Pamaliro anthu ankati munthuyu Mulungu anamukonda, wafa imfa yabwino. Ine ndinali chete, chifukwa ndinkadziwa kuti zaka zonsezo anawapatsa ndi mwamuna wa ku Mulanje amene ana ake anakula opanda bambo, ndipo kuti pamene ankakwera galimoto ija, ine ndinamulavulira.